Kadzidzi wa ku Liverpool: lipoti la katundu wa magemu a Psygnosis

Ntchito yanga ndi yolemba kaundula wa zinthu zakale za makompyuta: magemu, mabokosi ake, timabuku ta malangizo, ndi makina oseweretsera. Ndimagwira pa kamyuziyamu kena kumpoto chakumadzulo kwa England. Lipoti lino ndi la katundu amene anandidyera miyezi inayi, ndipo ndalembera inu anzanga a ntchito yonga yomweyi, kaya muli m'laibulale, m'myuziyamu kapena mumangosunga pa shelefu kunyumba. Eni katundu sindiwatchula mayina.

Mmene katundu anafikira

Anabwera ndi mayi wina wamasiye pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna, bambo wa zaka za m'ma 40. Amuna awo anali atatisiya chaka chapitacho. Malemuwo sanagwirepo ntchito ku kampani ya magemu. Anali wogula chabe, koma wokakamira kampani imodzi ya kwawo ku Liverpool, yotchedwa Psygnosis, kuyambira ali mnyamata mpaka kampaniyo itatsekedwa. Makatoni 6 anakhala kudenga kwa zaka zambiri, ndipo titangotsegula loyamba fungo la chinyezi linatilonjera.

Mwana uja anali atagwirapo kale ntchito, ndipo anaigwira ndi mtima wonse. Anasanja zonse potsata chizindikiro cha pa bokosi. Mulu wa chizindikiro cha Imagine anati ndiwo chiyambi cha Psygnosis. Mulu wa Psyclapse anati ndi wa kampani ina, tingoupatula. Mulu waukulu unali wa kadzidzi, chizindikiro cha Psygnosis yeniyeniyo. Pambali anaika zinthu ziwiri: gemu ya Wipeout ya makina a Sega Saturn, imene ankaikayikira kuti ndi yabodza, ndi chimbale chagolide chimene ankakhulupirira kuti chinatuluka mkati mwa kampani gemu isanafike pamsika. Chimbale chimenechi ndicho chinawabweretsa. Ankafuna tiwauze mtengo wake, ena onsewo atipatse ulere.

Ndinavomera kulandira katunduyo mongosunga kaye, ndipo ndinakana kutchula mtengo wa chilichonse tisanamalize kuyeza. Chifukwa chake n'chakuti kasanjidwe konse kanatsamira pa mboni imodzi, chizindikiro, ndipo mboni imeneyi ndinali ndisanaifunse mafunso.

Mulu wa Imagine

Kumbali ya mbiri, mwana uja sanalakwe kwenikweni. Imagine Software inali kampani ya ku Liverpool imene inatchuka msanga n'kugwa msanga mu 1984, ngongole zitaikwirira. Inali italengeza magemu awiri akuluakulu, Bandersnatch ndi Psyclapse, amene sanatuluke. Ian Hetherington ndi David Lawson, amene anali akuluakulu kumeneko, ndi amene anadzakhala pakati pa oyambitsa Psygnosis, ndipo ntchito ya Bandersnatch inasandulika Brataccas, gemu yoyamba ya kampani yatsopanoyo. Mpaka apa ulusi ndi umodzi.

Chimene sanadziwe n'chakuti dzina la Imagine linagulidwa ndi Ocean Software ya ku Manchester, imene inapitiriza kulisindikiza pa magemu ake kwa zaka zingapo. Nditatembenuza makaseti a magemu a kompyuta ya ZX Spectrum mmodzimmodzi, keyala ya ku Central Street, Manchester, inayamba kuonekera. Green Beret, Yie Ar Kung-Fu, Renegade: onsewa ndi a Ocean atavala chipewa cha Imagine. A Imagine yeniyeni ya ku Liverpool anali ochepa, kuphatikizapo Arcadia ya 1982. Ndinaugawa muluwo pawiri. Kampani ikafa, dzina lake ndi chizindikiro chake zimagulitsidwa ngati mipando ya mu ofesi, ndiye mukaona chizindikiro cha kampani yakufa, yambani mwafunsa kuti chaka chimenecho mwini wake anali ndani.

Kadzidzi

Chizindikiro cha Psygnosis chinajambulidwa ndi Roger Dean, katswiri amene anali atatchuka kale ndi zikuto za zimbale za gulu loimba la Yes. Ndi nkhope ya kadzidzi yonyezimira ngati chitsulo chopukutidwa, maso ali tong'o, ndipo dzina la kampani linalembedwa ndi zilembo zopindikapindika zimene munthu amayamba wazidabwa asanaziwerenge. Ine wobadwira kumene kadzidzi akalira padenga anthu sagona tulo, zinanditengera nthawi kuzolowera kuti kuno mbalame imeneyi amaiona ngati ya nzeru. Mpaka lero ndikatsegula katoni n'kupeza maso amenewa akundiyang'ana, thupi limachita kaye tsembwe ndisanayambe ntchito.

Chizindikirocho sichinali chokongoletsa chabe. Psygnosis inalunjika pa makompyuta okwera mtengo a nthawi imeneyo, Amiga ndi Atari ST, ndipo inkagulitsa magemu ake m'mabokosi aakulu okhala ndi zithunzi zooneka ngati za pakhoma la nyumba yoonetsera zojambula. Kadzidzi ankauza wogula kuti ichi si choseweretsa cha ana chapakaseti. Shadow of the Beast ya 1989 inafika pogulitsidwa pamodzi ndi tisheti m'bokosi. Bokosi la malemu linali lalikulu moyenerera, koma tisheti munalibe, ndipo ndinalemba m'kaundula kuti yasowa.

Vuto la kadzidzi kwa ife olemba kaundula n'lakuti anakhala nthawi yaitali osasintha kwambiri, moti payekha sangakuuzeni chaka. Chimene chinandithandiza ndi tizilembo ting'onoting'ono ta kumbuyo kwa bokosi. Mabokosi oyambirira ali ndi keyala ya Port of Liverpool Building ku Pier Head. A nthawi ya Lemmings ali ndi South Harrington Building, pa Sefton Street. A nthawi ya PlayStation ali ndi Wavertree Technology Park. Nditasanja motsata keyala, chaka cha copyright ndi mtundu wa makina, mabokosi awiri a gemu imodzi amene ndinkaganiza kuti ndi mapasa anapezeka kuti lina ndi losindikizidwa kachiwiri patapita nthawi.

Mulu wa Psyclapse sunavute. Linali dzina lachiwiri la Psygnosis yomweyo, lotengedwa ku gemu ya Imagine imene sinabadwe ija, ndipo linagwiritsidwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa magemu ngati Menace, Baal ndi Ballistix. Keyala inali imodzimodzi. Ndinaubwezera kwa abale ake.

Pamene ndinalakwitsa ine

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa cholakwa ichi n'changa, ndipo n'chofanana ndendende ndi cha mwana uja. Kaundula wathu ali ndi malo awiri, a wopanga gemu ndi a wofalitsa. Milungu itatu yoyamba, paliponse pamene ndaona kadzidzi ndinkalemba Psygnosis m'malo onse awiri. Dzanja linazolowera, mutu n'kusiya kufunsa.

Chinandidzutsa ndi madiski. Madiski a Amiga ndi a mainchesi 3.5, olowa 880 KB, ndipo kompyuta wamba siiwawerenga. Ambiri alinso ndi chitetezo choletsa kukopera, choncho tinasankha kuwajambula ndi kachipangizo ka Greaseweazle, kamene kamatenga maginito a pa diski momwe alili, tisanayese kuseweretsa ngakhale imodzi. Ena anali atachita chuku. Mukatsegula kachitseko kachitsulo n'kuunika ndi tochi chammbali, mumaona timadontho totuwa pa kambale kakuda ka mkati. Diski yotere mukailowetsa osaitsuka, chukucho chimakanda kambaleko n'kudetsanso mutu wowerengera, ndipo diski yotsatira imavulala nayo. Tinatsuka imodziimodzi, tinajambula, kenaka tinatsegula zojambulidwazo pa emulator, pulogalamu yotsanzira Amiga pa kompyuta wamba.

Mtsikana wina wodzipereka amene ankandithandiza Lachiwiri lililonse ndi amene anaona. Lemmings itatseguka anandiitana nati, "Bambo, apa palembedwa DMA Design, koma m'kaundula mwalemba kuti opanga ndi Psygnosis." Ankanena zoona, ndipo ndinkazidziwa kale, kungoti chizindikiro chinali chitandiphimba m'maso. Lemmings ya 1991 inapangidwa ku Dundee, ku Scotland, ndi DMA Design, imene pambuyo pake inadzakhala Rockstar North. Menace nayonso ndi yawo. Shadow of the Beast ndi Destruction Derby ndi za Reflections ya ku Newcastle. Formula 1 ya 1996 ndi ya Bizarre Creations. Psygnosis inkapanga magemu akeake, inde, koma mbali yaikulu ya kutchuka kwake inachokera ku magemu a anthu ena amene iyo inawalipirira, kuwaveka bokosi ndi kuwagulitsa.

Ndinabwerera pa chiyambi n'kukonza zonse. Zinanditengera milungu iwiri. Kuyambira pamenepo tinaika lamulo lakuti malo a wopanga asadzazidwe pongoona bokosi. Adzazidwe gemu ikatsegulidwa kapena kabuku kakawerengedwa mpaka kumene kwalembedwa mayina a ogwira ntchito. Zimandikhudza chifukwa anthu a ku Dundee ndi ku Newcastle aja ndi amene anachezera usiku pa ntchitoyo, ndipo kaundula wosasamala amawafafaniza mosavuta.

Wipeout ya pa Saturn

Maganizo a mwana uja anali omveka. Sony inagula Psygnosis mu 1993. Wipeout inatuluka pamodzi ndi PlayStation ku Ulaya pa 29 September 1995, ndipo inali imodzi mwa magemu amene anagulitsa makinawo, ndi maonekedwe okonzedwa ndi The Designers Republic ya ku Sheffield komanso nyimbo za m'makalabu. Nanga kampani ya Sony ingapereke bwanji gemu yotere kwa Sega, mdani wake pamsika?

Koma inaperekadi. Kwa zaka zingapo Psygnosis inali m'manja mwa Sony koma ikuyenda ndi miyendo yakeyake. Wipeout inatuluka pa Saturn mu 1996 ndiponso pa PC, ndipo mu 1998 kunatuluka Wipeout 64 pa makina a Nintendo. Sony inkaifuna kampaniyi pa zifukwa zoposa gemu imodzi. Zida za Psy-Q, zimene Psygnosis inatulutsa mogwirizana ndi SN Systems ya ku Bristol, zinathandiza kuti opanga magemu alembere PlayStation pa makompyuta wamba. Chizindikiro cha kadzidzi sichinachotsedwe chifukwa chinali ndi anthu ochikhulupirira, amene Sony panthawiyo inali isanakhale nawo pa nkhani ya magemu.

Mbiri yokha sinandikwanire, choncho ndinayang'ana chimbalecho. Chinali chosindikizidwa ku fakitale, chasiliva kunsi, chokhala ndi manambala odindidwa pa mkombero wa mkati, ndiponso mkombero wa chitetezo wa kunja umene zimbale za Saturn zimakhala nawo. Pa Saturn yosasinthidwa chinatseguka bwinobwino. Chinthu chimene banja linatsala pang'ono kutaya chinakhala chimodzi mwa zofunika kwambiri m'katundu yense, chifukwa chimaonetsa ndi maso nyengo imene kampani inali ndi mwini watsopano koma mwiniyo asanameze mtima wake.

Chimbale chagolide

Ichi ndinachisiyira kumapeto dala, kuti ndikachifikire nditadziwa bwino katundu yense. Chinali CD-R, chimbale chimene munthu amatha kulembapo yekha pa kompyuta, chokhala ndi pepala lomata la kadzidzi, ndipo pansi pake panalembedwa ndi cholembera kuti ndi Wipeout yoyeserera.

Musafulumire kunena kuti CD-R iliyonse ndi yokopera. Opanga magemu a PlayStation ankawotchadi ntchito yawo pa CD-R n'kumaiyesa pa makina apadera abuluu, chifukwa PlayStation wamba imangolandira zimbale za ku fakitale, zakuda kunsi zija. Choncho golideyo sanali umboni wotsutsa. Chimene chinandikayikitsa poyamba chinali kadzidzi wa pa pepalalo. Dzina linalembedwa ndi zilembo zowongoka, zosavuta kuwerenga, zimene m'katundu ameneyu zinkapezeka pa mabokosi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene zilembo zopindika za Roger Dean zinali zitasiyidwa koma mbalameyo ikadalipo. Komabe nditaphunzira kale kawiri, sindinafune kugamula mlandu ndi chizindikiro. Chizindikiro chakale ndi chatsopano zimayendera limodzi kwa nthawi, malinga ndi mapepala amene atsala m'kabati ya ofesi.

Ndinachita zinthu zitatu. Pa galasi lokulitsa, kadzidziyo anaoneka kuti ndi timadontho ta inki ya pulinta ya kunyumba, ndipo m'mphepete mwake munali kamzere kosonyeza kuti anajambulidwa kuchokera pa bokosi lina. Kenaka ndinawerenga uthenga umene CD-R iliyonse imabadwa nawo kuchokera ku fakitale, ndipo unaonetsa kuti ndi cha mphindi 80, cholowa 700 MB. Mu 1995 zimbale zofala zinali za mphindi 74, zolowa 650 MB, ndipo za 80 zinadzafala pambuyo. Pomaliza ndinajambula zamkati n'kuziyerekeza ndi Wipeout yogulitsidwa m'sitolo imene inali m'katoni lomwelo. Zinafanana kotheratu, popanda kusiyana ngakhale pamodzi. Gemu yoyeserera imakhala ndi posiyana, kaya njira yosamalizidwa, kaya mawu olakwika, kaya deti lina pa mafayilo. Ichi chinali kope la gemu yomalizidwa.

Mnzanga wina wa pa ntchito anati tingochibweza kwa eni ake popeza sichikuwonjezera kanthu. Ine ndinaona mwina. Ndinachilemba m'kaundula kuti ndi kope lopangidwa kunyumba, ndipo ndinapempha kuti chisungidwe pamodzi ndi zinzake. Munthu amene anakhala pansi kujambula kadzidzi, kumusindikiza, kumudula mozungulira ndi sizasi n'kumumata pa chimbale chokopera, akutiuza mphamvu ya chizindikirocho kuposa mmene bokosi la ku fakitale lingatiuzire. Ambiri a ife tinakumana ndi PlayStation kudzera m'zimbale zokopera zotere, ndipo mbali imeneyi ya mbiri imasowa m'mamyuziyamu chifukwa timaichitira manyazi.

Kuuza banja

Ndinawaitana onse awiri, osati kulemba kalata. Ndinayamba ndi Saturn ndi mabokosi a ku Pier Head, kenaka ndinafika pa chimbale. Ndinaika galasi m'manja mwa mwana uja kuti aone yekha timadontho ta inki. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati bambo ake ananamizidwa ndi wogulitsa wina. Ndinamuyankha kuti chimbalecho sichingatiuze amene anachipanga, koma palibe paliponse m'mapepala a malemu pamene iwo analemba kuti n'chamtengo.

Mayi aja ndi amene anamasula mfundo. Anati amuna awo ankakopera zimbale zimene ankazikonda kuti ana azisewera makopewo, zenizenizo zisakandike, ndipo PlayStation ya pabalaza inali yoikidwa chip, kachipangizo koichititsa kulandira zimbale zokopera. Mwana uja anali atasewera chimbale chomwecho ali wamng'ono osadziwa.

Ndisanatseke faelo ndinafunsa kuti, "Mayi, kodi m'nyumbamo simunaonepo tisheti yakale yokhala ndi chithunzi chonga cha pa bokosi ili?" Anayang'ana bokosi la Shadow of the Beast n'kugwedeza mutu. Anati ili m'kabati yawo, yosuluka, yobooka kukhwapa, ndipo ndi imodzi mwa zovala zochepa za malemu zimene sanapereke kwa anthu. Sindinaipemphe. Ndinapempha kuijambula chithunzi basi, ndipo m'kaundula ndinafufuta mawu akuti yasowa n'kulemba kuti ili m'manja mwa banja. Anzanga, katundu wokwanira amasangalatsa wolemba kaundula, koma si zonse zimene tiyenera kutenga.

Katoni lomaliza ndi zotsatira

Katoni la 6 linali laling'ono, ndipo mmenemo kadzidzi amangozimirira popanda kutsanzika. Wipeout yachitatu ya 1999 ikadali ndi dzina la Psygnosis. Pofika pa Formula One 2001 ndi Wipeout Fusion ya 2002, dzina ndi Studio Liverpool, ndipo kutsogolo kwa bokosi kukulamulira zizindikiro za PlayStation ndi Sony Computer Entertainment. Anthu ambiri anali omwewo, mzinda womwewo, koma kampani inali itasanduka nthambi. Lemmings ya 2006 ya pa PSP, makina a m'manja a Sony, imaonetsa bwino kutalika kwa ulendowu: dzina la gemu ndi lomwe lija la ku Dundee, opanga ndi Team17, wofalitsa ndi Sony, ndipo mbalame ija palibe.

Apa panali chosankha china. Kodi Studio Liverpool ilembedwe ngati kampani ina kapena ngati Psygnosis yomweyo? Ndinasankha kulemba dzina limene lili pa chinthucho, n'kulumikiza mayina onse, Psygnosis, Psyclapse ndi Studio Liverpool, pa tsamba limodzi la mbiri, kuti wofufuza dzina limodzi apeze enawo. Imagine ndinaipatsa masamba awiri, la ku Liverpool ndi la ku Manchester.

Studio Liverpool inapitiriza ndi Wipeout Pure mu 2005, Wipeout Pulse mu 2007, Wipeout HD mu 2008, ndi Wipeout 2048 ya pa PlayStation Vita mu 2012. Pa 22 August 2012 Sony inalengeza kuti yaitseka. Ena mwa ogwira ntchito kumeneko anayambitsa kampani ya magemu ya Firesprite mumzinda womwewo, ndipo Sony inadzaigula mu 2021.

Banja linapereka katundu yense ku myuziyamu, kupatula tisheti. Chimbale chagolide mwana uja anayamba wapita nacho kunyumba, koma patatha mwezi anachibweretsa nati chikhale ndi zinzake. Mwa madiski a Amiga, 9 sanawerengeke ngakhale titawatsuka, ndipo tawasunga padera kuti tidzayesenso ndi drive ina. Mabokosi a makatoni tinawachotsa m'mapulasitiki amene ankasunga chinyezi n'kuwaika m'chipinda chouma. Chinthu chomaliza kulowa m'kaundula chinali Wipeout 2048, kakhadi kakang'ono ngati sitampa, kamene m'bokosi mwake malemu anapindiramo lisiti la m'sitolo la February 2012.